Inu Kwathu, Ife Kwanu: Ubwino Wosakambidwa wa Kusinthana Nyumba Paulendo

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Nkhani ya lero ndi ya paulendo, makamaka ya kogona. Amene munayendapo ndi banja lonse mukudziwa kuti ya thiransipoti mumalipira kawiri kokha, popita ndi pobwera, pamene ya kogona imakudikirani tsiku lililonse dzuwa likamalowa. Ndalama ya kogonayi ndiyo imadula maulendo ambiri pakati, ndipo ena imawapha asanayambe n'komwe.

Ku Ulaya, ku America ndi kumaiko ena kuli mabanja amene anaipezera njira nkhaniyi. Amasinthana nyumba. Banja la ku Amsterdam limakakhala masabata atatu m'nyumba ya banja la ku Geneva, a ku Geneva nawo n'kudzakhala m'nyumba ya ku Amsterdam masiku omwewo. Palibe wolipira lendi, palibe wolandira lendi. Nthawi ikakwana aliyense amasesa, kuchapa zofunda, kusiya makiyi pamene anagwirizana, n'kubwerera kwawo.

Munthu akamva zimenezi amathamangira kuwerengera ndalama ya hotela imene yapulumuka. Imapulumukadi, ndipo si yochepa. Koma umenewo ndi ubwino woonekera poyera. Lero tifukula zabwino zina zimene sizikambidwa kawirikawiri, ndipo muona kuti zonse zikutumphuka pamalo amodzi: posinthana nyumba, munthu amakhala mlendo ndi mwininyumba nthawi imodzi.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Mwina mukuganiza kuti izi zabwera ndi intaneti. Ayi, n'zakale ndithu, ndipo anaziyambitsa ndi aphunzitsi. Chinali chaka cha 1953, patangopita zaka 8 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Aphunzitsi a ku Ulaya anali ndi tchuthi chachitali m'miyezi yotentha, koma malipiro awo sakanakwanira hotela ya banja lonse kudziko la eni. Choncho a ku Switzerland ndi a ku Netherlands anagwirizana zoti azibwerekana nyumba pa tchuthicho, kuti wa kumapiri a Alps akaone nyanja, wa kuchidikha akaone mapiri. Mgwirizano umenewu ndiwo unabala bungwe la Intervac, lomwe lilipo mpaka lero. M'zaka zomwezo mphunzitsi wina wa ku New York, David Ostroff, anayamba kulemba ndandanda ya anthu ofuna kusinthana nyumba, ndipo ntchito yakeyo inakula mpaka kudzakhala mbali ya bungwe la HomeLink.

Kwa zaka zambiri zonse zinkayenda papepala. Bungwe linkasindikiza buku la maadiresi, nyumba iliyonse ndi mawu ochepa oifotokoza: zipinda zingati, anthu angati angagonemo, ili dera liti. Munthu ankasankha nyumba zingapo, kulemba makalata, kukaponya ku positi, n'kudikira yankho masabata. Pofika tsiku lonyamuka mabanja awiriwo amakhala atalemberana kangapo, akudziwana ndi mayina a ana omwe.

Mu 1992 Ed Kushins wa ku California anayambitsa HomeExchange, imene inadzatchuka kwambiri pa intaneti. Mu 2006 kunatuluka kanema wotchedwa The Holiday, mmene Cameron Diaz ndi Kate Winslet anasewera ngati amayi awiri osinthana nyumba, wina wa ku Los Angeles, wina wa kamudzi ka ku Surrey ku England. Ambiri anayamba kumva za mchitidwewu kudzera mu kanemayu. Mu 2011 ku France kunayamba GuestToGuest, imene inafalitsa njira ya mapointi, ndipo mu 2017 inagula HomeExchange.

Masiku ano kusinthanaku kumachitika m'njira zitatu. Yoyamba ndi ija ya aphunzitsi: inu kwathu, ife kwanu, masiku omwewo. Yachiwiri ndi yosiyanitsa nthawi: ife tibwera kwanu mu Ogasiti inu mutachokapo, inu mudzabwera kwathu mu Disembala ife tili kwina. Yachitatu ndi ya mapointi. Mukalandira banja lina m'nyumba mwanu, bungwe limakulemberani mapointi, ndipo mapointiwo mumakagonera m'nyumba ya banja lachitatu limene silinabwerepo kwanu. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo njira yachitatuyi ikuyendera nzeru yomweyo. Mabungwe ambiri amalipiritsa ndalama ya umembala pachaka, koma pakati pa mabanja eni ake sipadutsa lendi.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Tsopano tifike pa funso limene ndikudziwa kuti likukuvutani mumtima: munthu wanzeru zake angasiyire bwanji makiyi munthu amene sanamuonepo?

Taganizirani malo amene timagona tikakhala paulendo. Ku hotela ndinu kasitomala. Mwalipira, ndiye thaulo likagwa pansi wina adzatola, ndipo tsiku lotuluka palibe amene atsala akukukumbukirani. Kwa achibale ndinu mlendo. Amakulandirani ndi manja awiri, koma pakapita masiku anayi mumayamba kuona kuti ana achotsedwa m'chipinda mwawo akugona pabalaza chifukwa cha inu, ndiwo zikugulidwa zoposa masiku onse, mayi wa pakhomo akudzuka m'mamawa kukutenthetserani madzi. Manyazi amakugwirani, mumayamba kufunsa za basi yobwerera ngakhale zimene munabwerera zisanathe.

Posinthana nyumba zimayenda mwina. Pamene inu mukutsegula filiji ya eni ake, eni akewo akutsegula yanu. Pamene ana anu akudumpha pa sofa yawo, ana awo ali pa sofa yanu. Aliyense wagwira chikole cha mnzake, ndipo chikolecho ndi chinthu chachikulu pa zonse zimene banja lili nazo. N'chifukwa chake munthu amatsuka poto wa mnzake mmene akufunira kuti wake atsukidwe. Palibe amene wagula mnzake, palibenso amene watsala ndi ngongole ya chifundo. Wa nyumba ya zipinda ziwiri ndi wa nyumba ya zipinda zisanu amakumana ngati anthu ofanana, aliyense wapereka pamene amagona. Pa njira ya mapointi, pamene si nthawi zonse mlendo wanu amakhala amene mukugona kwawo, chikole chimakhala mbiri. Mukachoka, mwininyumba amalemba pa tsamba la bungwe mmene munasiyira nyumba yake, ndipo wosiya nyansi sapezanso womutsegulira chitseko.

Kukhulupirirana kotereku ndiko kumabala zabwino zimene tikufuna kuziona tsopano.

Tiyambe ndi nyumba yanu imene mwaisiya. Nyumba yopanda anthu imadziwika msanga. Makatani osatsegulidwa sabata yonse, magetsi osayaka madzulo, udzu wosatchetcha, zonsezi zimauza wakuba kuti eni ake kulibe. Mukasinthana nyumba, madzulo nyale zimayaka, pachingwe pamakhala zovala, geti limatsegulidwa ndi kutsekedwa. Kuwonjezera apo, mavuto ang'onoang'ono amagwidwa asanakule. Paipi ikayamba kudontha wina amaiona tsiku lomwelo, osati patatha mwezi siling'i itanyowa n'kugwa. Kumaiko ozizira madzi amatha kuuma m'mapaipi n'kuwaphulitsa ngati nyumba yakhala yosatenthetsedwa, choncho kukhala ndi munthu m'nyumba nthawi ya chisanu ndi chitetezo chenicheni. Ku Britain makampani ambiri a inshulansi amachepetsa zimene angalipire ngati nyumba yakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 kapena 60. Ndiye pali galu, mphaka, maluwa ndi dimba. Kumaiko amenewo kusungitsa galu kumalo osungira ziweto kumadya ndalama zambiri, koma mabanja osinthana nyumba nthawi zambiri amagwirizana zodyetserana ziweto ndi kuthiririrana mbewu. Mlendo amene munkamuopa kuti akuberani amasanduka mlonda wanu.

Kenako pali khitchini. Ambiri akamawerengera za ulendo amaiwala kuti wogona ku hotela amadyanso ku lesitilanti katatu patsiku, banja lonse. M'nyumba yosinthana mumapeza mapoto, mbale, mchere, sitovu ndi filiji, ndipo mumagula zinthu pamtengo umene eni dera amagulira. Koma nkhani ya khitchini imapitirira pa ndalama. Taganizirani wodwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene dokotala anamuletsa mchere wambiri ndi mafuta. Taganizirani Msilamu amene ayenera kudziwa kuti nyama yake yachokera kuti ndipo yaphikidwa mu chiyani. Taganizirani mwana amene zakudya zina zimamutulutsa zidzolo, kapena khanda lofuna phala usiku. Kwa anthu otere, kudziphikira ndiko kumapangitsa kuti ulendo utheke. Ndipo inu amene munakhalapo sabata kunja mukudziwa mmene thupi limaifunira nsima. Ku Johannesburg ufa uli m'sitolo iliyonse, ku London umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa. Chimene chimasowa ku hotela ndi poto ndi moto.

Ubwino wina, umene kwa ine ndi waukulu kwambiri, ndi woti mumasankha banja lofanana ndi lanu. Banja la ana aang'ono likasinthana ndi banja la ana aang'ono, limapeza kabedi ka mwana, kampando kodyerapo, zidole, njinga ndi mabuku a zithunzi zili kale m'malo mwake, mankhwala ndi mipeni zili patali ndi manja a ana. Katundu wonyamula amachepa, ana nawo amazolowera msanga chifukwa alowa m'nyumba ya ana anzawo. Kwa anthu a ulumali nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Munthu woyenda pa njinga ya olumala amatha kuuzidwa kuti malo ogona ndi oyenera iye, akafika n'kupeza masitepe awiri pakhomo kapena chitseko cha kubafa chopapatiza moti njinga singalowe. Koma nyumba imene mumakhala munthu wina woyenda pa njinga inakonzedwa kale ndi mwini wake wodziwa vutolo m'thupi mwake: khonde lotsetsereka, zitseko zotakata, zogwirira kuchimbudzi, bedi la msinkhu woyenera. Pozindikira zimenezi, bungwe la Independent Living Institute la ku Sweden linatsegula pa intaneti ndandanda yoti anthu a ulumali azisinthanirapo nyumba. Anthu amene ulendo unali wowavuta anapeza kuti nyumba zawo zomwezo ndi chuma chimene anzawo akuchifunafuna.

(Nyimbo.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukambirana za ubwino wa kusinthana nyumba paulendo. Tipitirize ndi nkhani ya nthawi.

Wolipira usiku uliwonse amayenda mothamanga. M'masiku atatu afuna aone zonse, ajambule zonse, ndipo amabwerera kwawo atatopa kuposa mmene anachokera. Lendi ikachoka pa mndandanda, masiku atatu aja amatha kukhala masabata atatu. Tsiku lina mumangokhala pakhonde osapita kulikonse, mtima osadandaula kuti ndalama ikupita pachabe. Nthawi yotalikayi ndiyo imathandiza amene ulendo wawo si wokasangalala chabe. Aphunzitsi a ku yunivesite amene amapatsidwa miyezi yokachita kafukufuku kwina ali ndi tsamba lawo la SabbaticalHomes, lomwe linayamba mu 2000. Abusa a mpingo wa Methodist a ku Britain ndi a ku America akhala akusinthana mipingo kwa masabata angapo, aliyense n'kukhala m'nyumba ya mbusa mnzake. Agogo okaona mdzukulu wongobadwa kumene amatha kukhala pafupi ndi ana awo mwezi wathunthu popanda kudzaza nyumba ya anawo. Chimodzimodzi wokadikirira wodwala ku chipatala chachikulu cha mumzinda wina, kapena banja lofuna kuyesa kaye dera lisanasamukireko.

Ndipo mumakhala kuti? Mahotela amaunjikana pamalo amodzi, pafupi ndi zokopa alendo, pamene chilichonse chimakwera mtengo ndipo anthu amene mumakumana nawo ndi alendo anzanu. Nyumba za anthu zili paliponse: kumapeto kwa njanji, m'tauni yaing'ono imene palibe kampani ya zaulendo ingakutchulireni, kumudzi kwa alimi. Mwininyumba amakusiyirani pepala kapena kabuku. Amalembamo kuti buledi wabwino amagulitsa pati, msika umakhala tsiku liti, basi yotsika mtengo ndi nambala yanji, zinyalala amatenga Lachingati, mwana akadwala usiku muthamangire kuti. Nzeru zimenezi munthu amazisonkhanitsa pa zaka zambiri, inu mukuzilandira tsiku limodzi. Kawirikawiri amene amakupatsani makiyi ndi neba, ndipo nebayo amakhala munthu wanu woyamba m'deralo. Ana anu amasewera ndi ana a m'mbali, chinenero n'kumalowa m'makutu popanda kalasi. Ndalama yanu nayo imagwera kwa wogulitsa masamba wa pakona ndi wometa wa m'deralo, anthu amene alendo a ku hotela sawafika.

Pali ubwino winanso umene sugwera inu nokha koma mzinda wonse. Chiyambire mu 2008 pamene Airbnb inatsegulidwa ku San Francisco, eni nyumba ambiri m'mizinda yotchuka anaona kuti mlendo wa masiku atatu amalipira bwino kuposa wochita lendi wa chaka chonse. Nyumba zambiri zinachoka m'manja mwa okhala mumzinda n'kusanduka zogona alendo, eni mzinda n'kumadandaula kuti lendi yakwera ndipo pokhala pakusowa. Maboma analowererapo. Ku London nyumba yonse siloledwa kubwereketsedwa kwa alendo a masiku ochepa kupitirira mausiku 90 pachaka popanda chilolezo chapadera. Ku New York, kuyambira mu Seputembala 2023, wobwereketsa kwa masiku osakwana 30 ayenera kulembetsa ndiponso kukhala m'nyumbamo pamodzi ndi alendo ake. Ku Barcelona, mu Juni 2024, meya Jaume Collboni analengeza kuti pofika Novembala 2028 ziphaso za nyumba pafupifupi 10,000 zogona alendo zidzatha. Koma kusinthana nyumba imene mumakhalamo sikulanda munthu pokhala. Banja limodzi latuluka, banja limodzi lalowa, ndipo pakatha masabata atatu eni ake abwerera. Palibe wochita lendi amene wathamangitsidwa, palibe nyumba yatsopano imene yamangidwa pagombe. Bedi limene likanakhala lopanda munthu ndilo lagwira ntchito.

Mwina simunaganizepo kuti kulandira alendo otere kumakonzetsanso nyumba. Loko amene wakhala akuvuta chaka chonse, amene eni ake okha amadziwa kamgwedezedwe kake, amasinthidwa. Mpopi wodontha umamangidwa. Katundu wosagwira ntchito amene anadzaza chipinda amapatsidwa kwa omufuna. Ndipo mukakhala pansi kulembera mlendo za dera lanu, mumadabwa kuona kuchuluka kwa zinthu zimene mumazidutsa tsiku ndi tsiku osaziyang'ana. Ambiri amaopa kuti nyumba yawo ndi yaing'ono kapena yosaoneka bwino. Koma mlendo sakudzaona matailosi. Wokhala pa nsanjika ya 10 pakati pa phokoso la mzinda amasirira kanyumba kokhala ndi mtengo wa mango pabwalo, pamene wa kumudzi amasirira kachipinda koyandikana ndi masitolo ndi sitima. Chimene inu munachitopa nacho ndicho mnzanu akuchilakalaka.

Pamapeto pa zonse pamatsala ubale. Munthu amene wagona m'nyumba mwanu, waona zithunzi za ukwati wanu pakhoma, wadyetsa galu wanu, sakhalanso mlendo wamba. Mabanja ena amabwereza kusinthana chaka ndi chaka, ana awo n'kukula akudziwana. Kumbukirani kuti aphunzitsi aja anayamba izi mabala a nkhondo asanapole ku Ulaya. Mu 1949 ku Denmark kunali kutayamba kale bungwe la Servas, lolimbikitsa anthu a maiko osiyana kulandirana m'makomo pofuna kumanga mtendere. N'kovuta kudana ndi mtundu wa anthu amene mmodzi wa iwo anakusiyirani makiyi ake.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Omvera athu, sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti zonse n'zosalala. Kukhulupirirana kumene takamba kumamangidwa, ndipo kuli ndi ntchito yake.

Kupeza banja logwirizana nalo kumatenga nthawi. Mudzalembera ambiri, ambiri adzakana, ena osayankha n'komwe, choncho yambani miyezi ingapo ulendo usanafike. Mukapeza, lankhulanani pa foni ya kanema, muonane nkhope, aliyense ayendetse mnzake m'nyumba. Funsani amene anasinthanapo nawo kale. Aliyense amene akufuna kuti mumutumizire ndalama musanafike, kaya akuti ndi ya chikole kaya ya makiyi, pa njira imene si ya bungwe, musiyeni pomwepo. Lembani pangano, ngakhale la tsamba limodzi: masiku, chiwerengero cha anthu, wolipira magetsi ndi madzi, zochita chinthu chikasweka, ndi zochita wina akalephera ulendo matikiti atagulidwa kale.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, pemphani kaye chilolezo kwa alandilodi, chifukwa mapangano ambiri a lendi amaletsa kulowetsa anthu ena. Ngati muli ndi inshulansi, auzeni a kampani musananyamuke, pakuti ambiri salipira katundu wobedwa pamene chitseko sichinathyoledwe. Mukafuna kubwerekananso galimoto, onetsetsani kuti inshulansi yake ikulola dalaivala wina ndiponso kuti laisensi yake ikugwira ntchito m'dzikomo. Mizinda ina imafuna kuti ngakhale osinthana nyumba alembetse, choncho funsani malamulo a kumene mukupita. Ndipo kupeza nyumba sikuchotsa nkhani ya visa. Mmalawi wopita ku Britain kapena kumaiko a Schengen a ku Ulaya ayenerabe kukhala ndi visa, ndipo tikiti ya ndege ayenerabe kugula. Mapasipoti, mapepala a malo, ndalama ndi zinthu zimene simungapezenso zina zikatayika, tsekerani m'chipinda chimodzi kapena kasungitseni kwa m'bale.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Nanga kuno kwathu zingatheke? Kusiyira munthu nyumba si zachilendo kwa ife. Tikamachoka timaitana mphwathu kapena mwana wa achemwali kuti adzagonemo. Chatsopano ndi choti mabanja awiri apindule nthawi imodzi.

Tiyambire pomwe anzathu anayambira, pa aphunzitsi. Sukulu zimatsekera limodzi dziko lonse. Mphunzitsi wa ku Nkhata Bay ali ndi nyanja pakhomo, koma mwina ana ake sanaonepo phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mphunzitsi wa ku Mulanje amaphunzitsa za nyanja ya Malawi pa bolodi, koma mwina ana ake sanapondemo phazi. Chimene chikuwalepheretsa onse awiri si basi yokha, koma kogona ndi chakudya cha sabata yonse. Akasinthana nyumba, chotsala ndi thiransipoti ndi thumba la ufa. Chimodzimodzi anamwino, abusa, ogwira ntchito m'boma, kapena banja la ku Lilongwe ndi la ku Chipata. Sipafunika kulembetsa ku bungwe la kunja. Mpingo, malo a ntchito, gulu la amene munaphunzira nawo limodzi, zonsezi ndi malo amene munthu amapezeka ndi womuchitira umboni. Abale athu a ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Manchester akamabwera kumudzi pa Khirisimasi amasiya nyumba zotseka, ndipo akafika kuno amasowa pokhala paokha ndi ana m'tauni. Pamenepo palinso mpata, bola alandilodi a kumeneko avomere.

Koma tichite mwa chikhalidwe chathu. Kwa ambiri a ife chipinda cha makolo salowamo munthu wamba, ndipo palibe chifukwa chophwanyira mwambo umenewu. Chitsekeni, alendo agone m'zipinda zina, ndipo muwauziretu. Nyumba zathu zambiri sizitsala zopanda munthu: pamakhala wantchito, mlonda kapena wachibale. Auzeni bwino za alendowo, ndipo alendo adziwe kuti apeza ndani komanso kuti malipiro a wantchito ali m'manja mwa yani. Dziwitsani aneba, amfumu kapena a chitetezo cha m'dera, kuti anthu achilendo akaoneka akutsegula geti lanu asayesedwe akuba. M'kabuku kanu lembani zimene mlendo wa kuno amafunadi: nambala ya mita ndi kogula mayunitsi a magetsi, nthawi imene madzi amavuta ndi pamene pali migolo, kogula makala kapena gasi, wa kabaza wodalirika, chigayo ndi chipatala chapafupi. Siyani maneti a udzudzu pa bedi lililonse, makamaka ngati nyumba yanu ili kunyanja kapena kuchigwa. Ndipo poyamba musapite patali. Yesani Loweruka ndi Lamlungu limodzi ndi banja limene mukulidziwa, muone pamene pavuta, mukonze, kenako mutalikitse.

Ntchito yanu ya sabata ino nayi. Khalani pansi ndi a pabanja panu, mutenge pepala. Mbali imodzi lembani zinthu zimene mlendo angaone kapena kuchita pa mtunda wa ola limodzi kuchoka pakhomo panu. Mbali inayo lembani banja limodzi, la m'boma lina, limene mungalikhulupirire ndi makiyi anu ndipo nalo lingakukhulupirireni ndi awo. Mukalipeza, liimbireni foni tchuthi chisanafike.



(Nyimbo yotsekera.)